Mpira Umene Sanayenera Kubweza

"Loweruka ndikufuna ugonje," anatero Manzere.

Magalasi anali atawerama, akumanga chingwe cha nsapato. Anadzutsa mutu. Mtsikanayo sanali kuseka. Anali atatsamira khoma, raketi ili kudzanja lamanzere lija limene linamupatsa dzina, thukuta likutsikira m'khosi.

Anali m'bwalo lakale la sikwashi, masewera omenyetsa mpira pakhoma ndi raketi, kuseri kwa fakitale ina imene inatsekedwa kalekale: chipinda cha makoma anayi, utoto wosuwa, matabwa apansi olira ukaponda pakona. Kuno n'kumene awiriwa ankakumana Lamlungu lililonse masana, kutsidya lina la tauni, kutali ndi kalabu yawo kumene aliyense ankadziwa za aliyense.

"Nanga n'zofunika kundipempha?" anatero Magalasi. "Kaputeni anayamba kusewera asanamere mano. Ine ndayamba dzanadzanali. Andimeza wamoyo."

"Usadzichepetse pamaso panga. Lero wabweza sevisi yanga iliyonse."

"Poti umandimvera chisoni."

"Ine m'bwalo sindimvera munthu chisoni. Funsa aliyense."

Zimenezo zinali zoona. Mpikisano wa kalabu unali kuyamba Loweruka, ndipo maere anagwa moipa. Magalasi, munthu woyeza anthu maso amene analowa kalabu pofuna kuchepetsa mimba basi, anayenera kukumana ndi Kaputeni, mtsogoleri wa osewera a kalabuyo, m'ndime yoyamba. Wowerenga mapointi anali a Kochi, mphunzitsi wa kalabuyo, amenenso anali bambo ake a Manzere.

Anthu osasewera amayesa sevisi ndi kungoyambitsa mpira. A Kochi sankaona choncho. Ankati ndiyo nthawi yokhayo imene mpira uli m'dzanja lako popanda wokuthamangitsa. Ukaseva bwino, mnzako amakakumba pakona yakumbuyo, iwe n'kuima pakati pa bwalo, ndipo woima pakati ndiye amatuma mnzake uku ndi uku. Sevisi yawo inali yokwera. Mpira unkanyamuka mwaulesi, kugunda khoma lakutsogolo m'mwamba, kubwera ukuyandama, kukhudza khoma lam'mbali, n'kukagwera pakona ngati wafa. Ukaudikira, raketi yako inkangokanda khoma. Ukathamangira kutsogolo kuti uumenye usanagwe, iwo anali ndi ina yotuluka m'mkono womwewo, yamphamvu, yolunjika pachifuwa. Zonse ziwiri anaphunzitsa Kaputeni, monga bambo amapatsira mwana wake wamwamuna jekete.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwiratu kuti ikubwera ndi iti: mkazi wawo, amene tsopano anali malemu. Ankakhudza khoma lam'mbali kawiri ndi nsonga ya raketi, poyeza pamene waima, kenako mpira usananyamuke n'komwe iye anali atasuntha kale. A Kochi anamufunsa zaka zonse za ukwati wawo kuti amaona chiyani. Iye ankangoseka.

"Chidendene," Manzere anamuuza Magalasi tsiku lina mvula ikugwa padenga la fakitale ija. "Usayang'ane mpira. Yang'ana chidendene cha phazi lakumbuyo. Chikakhala pansi, ikubwera yokwera, lowa patsogolo. Chikadzuka, ikubwera yapachifuwa, khala pomwepo. Adadi sadziwa kuti amatero, ndipo Kaputeni anatengera zonse mpaka chidendenecho."

Lero Manzere anachoka pakhoma n'kudzakhala pansi pafupi naye.

"Padziko lonse tinalipo awiri okhudza khoma choncho, ine ndi Amayi," anatero. "Adadi akangokuona, adziwa komwe wazitenga. Ndipo ukudziwa zimene anandiuza. Mpaka mayeso osankha osewera atadutsa, za amuna ayi. Tsiku limene adzamve kuti ndikugawa mtima, adzasiya kundiphunzitsa. Adadi sanena chinthu kawiri."

"Mayesowo atsala pang'ono."

"N'chifukwa chake ndikupempha. Akangodutsa, ndikutenga ndekha kukakuonetsa kunyumba, masana, pakhomo lakumaso. Koma osati chonchi." Anazunguza raketi pansi. "Palinso china. Amayi atamwalira, Adadi anandifunsa za chinsinsichi. Ndinawakaniza. Ndinati Amayi anandisiyira ine ndekha, sindidzauza munthu aliyense. Anavomera, sanafunsenso."

Magalasi anavula magalasi ake n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Ankatero akasowa chonena.

"Ndiye ine unandiphunzitsiranji?"

"Ndinatopa kukuona ukupalasa pakona ngati nkhuku."

"Zokhazo?"

Manzere anayang'ana khoma lakutsogolo, pamene panali timadontho takuda ta mipira ya anthu amene anasiya kusewera kalekale.

"Chinthu ukachisunga wekha chimalemera," anatero motsitsa mawu. "Lonjeza, iwe."

"Ndalonjeza."

"Osakhudza khoma. Osalowa patsogolo. Dikira mpira pakona ngati mmene unkachitira ndisanakupeze."

"Ndati ndalonjeza."

* * *

"Bwerezanso," anatero achemwali ake a Magalasi, ataimika simbi pathebulo. Anali akusita mayunifolomu a ana, ndipo iye anali atakhala pampando wakukhitchini ndi kapu ya tiyi. "Mkazi wakupempha kuti ukachite manyazi pagulu, pamaso pa bambo ake, iwe n'kuyankha kuti inde?"

"Si manyazi, achemwali. Ndi masewera."

"Masewera! Iwe uja unalira mpaka kukana kudya nditakugonjetsa pa makhadi?"

"Ndinali mwana."

"Unali ndi ndevu." Anatembenuza malaya n'kuyambanso kusita. "Chabwino. Iwe wakupempha kugonja. Nanga winayo, Kaputeni wakoyo, wamupempha chiyani? Uja amadya kunyumba kwawo, uja amamunyamulira chikwama?"

"Ameneyo ali ngati mwana wa m'nyumbamo. A Kochi anamulera pamasewera."

"Mwana wa m'nyumba. Alamu ako anayamba choncho kwathu, waiwala? Ankati akubwera kudzakonza wailesi. Wailesiyo mpaka lero sinalire."

Magalasi anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Iye mwini anali ataziona: Kaputeni akutsegulira Manzere chitseko cha galimoto, Kaputeni akunyamula mabasiketi a a Kochi, Kaputeni akulowa pageti la nyumba ija osagogoda, pamene iye ankatsitsa Manzere pakona ya msewu wina n'kubwerera ngati wakuba.

"Ine sindikunena kuti mtsikanayo ndi woipa," anatero achemwali ake, mawu atafewa. "Koma bambo wotero akakuona kamodzi uli wopusa, sadzakuonanso mwina. Udzapita kukagogoda pakhomo pake, iye azidzakumbukira Loweruka."

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Manzere.

"Adadi afunsa lero kuti wamagalasi uja amasewera bwanji. Kaputeni wayankha kuti amasewera ngati akupepesa."

Magalasi analemba: "Iwe unati chiyani?"

Yankho linachedwa. Simbi inkayenda uku ndi uku.

"Ndinangokhala chete. Ukanafuna nditi chiyani?"

Analemba mawu angapo n'kuwafufuta. Pomaliza anatumiza: "Palibe. Uchite bwino pokonzekera mawa."

"Usaiwale," anayankha Manzere.

* * *

Loweruka m'chipinda chosinthira zovala munkanunkha mankhwala opaka minofu. Magalasi anafika msanga kuti asinthe yekha, koma anapeza Kaputeni ali kale pabenchi, thaulo lili m'khosi. Anali mwamuna wamtali, wa nkhope yokondweretsa, wodziwa mayina a ana a aliyense m'kalabumo. Zimenezo n'zimene zinkavuta. Kumuda kunalibe poyambira.

"Akulu! Mwabwera ndithu? Ndimayesa mutumiza uthenga wakuti bondo lavuta."

"Ndabwera kudzaphunzira."

"Eya, mtima wake ndi umenewo." Kaputeni anatambasula dzanja n'kutenga raketi ya Magalasi pabenchi, monga osewera amachitira, kuigwedeza kuti amve kulemera kwake. Anaigwedeza kamodzi, kawiri. Kenako anasiya. Anayang'ana kansalu kokulunga pogwirira, n'kukatsata ndi chala chachikulu.

"Aise, umasewera ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Nanga wakukulungira ndani apa? Kansaluka kakulungidwa chamanzere."

Magalasi anayang'ana kansaluko. Lamlungu lapitalo kansalu kakale kanamasuka, Manzere n'kumulanda raketi: bweretsa kuno, ukulunga ngati ukumanga bala. Palibe mwa awiriwo amene anaganizira kuti dzanja lamanzere limakulunga mozungulira kwina.

"Ndinagula choncho."

"Unagula choncho." Kaputeni anamwetulira, koma maso ake sanamwetulire nawo. "M'kalabu muno muli munthu mmodzi yekha wokulunga chonchi. Ndipo munthu ameneyo Lamlungu lililonse amati akupita kukaona azakhali ake." Anabweza raketi ija ndi manja awiri, mwaulemu. "Ukudziwa, ine ndakhala ndikumupempha kuyambira tili ana kuti andiuze mmene amawerengera sevisi ya bambo ake. Amangoti n'za Amayi. Ndikudabwa kuti azakhaliwo awauza zotani."

"Sindikudziwa zimene ukunena."

"Tiona m'bwalo. Ine sindinena kanthu kwa a Kochi, usade nkhawa. Ine si wamiseche." Anaimirira n'kukonza thaulo. "Ndiponso mayeso akatha, ine ndi a Kochi tili ndi zokambirana zathu. Anandiuza okha kuti tidzakhala pansi. Sindingawasokoneze mutu panopa."

Anatuluka akuimba mluzu.

Magalasi anatulutsa foni kuti amuchenjeze Manzere. Koma kunja kunamveka mawu a a Kochi akuitana osewera awiri oyamba, ndipo Manzere anali atakhala kale pambali pawo.

* * *

Bwalo la kalabu linali ndi khoma lagalasi kumbuyo, ndipo kuseri kwa galasilo kunali mabenchi okwera. A Kochi anakhala pampando wawo pakati, munthu wamfupi, wa imvi, msana uli chilili. Kudzanja lawo lamanja kunali Manzere, manja ali pakati pa mawondo.

Osewera awiriwo anatenthetsa mpira, anazunguza raketi pansi pochita maere, sevisi yoyamba n'kugwera Kaputeni.

Magalasi anaima kumbuyo, pafupi ndi galasi, monga ankachitira kale. Maso ake okha ndiwo anakana kumvera. Anapita pachidendene cha Kaputeni. Chinali pansi. Yokwera.

Mpira unanyamuka mwaulesi, unayandama, unadutsa pamwamba pa malo aja amene akanaumenyera, unakhudza khoma n'kugwera pakona. Magalasi anaukumba. Raketi inagunda galasi, mpira n'kugudubuzika pansi.

Kaputeni anasamukira mbali ina n'kusevanso. Chidendene pansi. Yokweranso.

Apa m'pamene Magalasi anazindikira zimene mnzakeyo ankachita. Wosewera wanzeru amasintha sevisi kuti mnzake asazolowere. Kaputeni sanasinthe ngakhale kamodzi. Ankatumiza yokwera yokhayokha, yofewa, yochedwa, ngati munthu wogwedezera galu fupa. Mipira ina Magalasi ankaitulutsa pakona, koma inkatuluka yofooka, n'kugwera pakati pomwe Kaputeni anali ataima kale, akudikira. Kenako kunali kumuthamangitsa: kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso, mpaka mpweya utamuthera.

"Bweza, aise," ananong'oneza Kaputeni podutsana naye. "Ndikudziwa kuti umatha."

Gemu yoyamba inatha msanga. Yachiwiri inatha msanga kuposa pamenepo. Mawu a a Kochi owerenga mapointi sankakwera kapena kutsika. Kale Magalasi ankagonja osadziwa chifukwa chake, ndipo kunali kopepuka. Lero ankaona mpira uliwonse usanabadwe. Miyendo inkafuna kupita, iye n'kumaikaniza, ndipo ntchito yokaniza miyendoyo inamutopetsa kuposa kuthamanga.

Popuma anamwa madzi atafulatira mabenchi. Anamva munthu wina akuti, "Koma awa anangobwera kudzapukuta galasi." Ena anaseka.

Gemu yachitatu inayenda chimodzimodzi. Itatsala pointi imodzi kuti zonse zithe, Kaputeni sanafulumire kuseva. Anapukuta dzanja pakhoma, n'kutembenukira kumabenchi.

"Manzere! Mnzathuyu udzamuphunzitseko tsiku lina, wamva? Akundimvetsa chisoni."

Anthu anaseka. A Kochi anati, "Sewerani." Ndipo Magalasi, amene tsiku lonse anapewa kuyang'ana kumeneko, anayang'ana.

Manzere ankaseka nawo.

Ankadziwa chifukwa chake. Munthu atakhala pambali pa bambo ake, anthu onse akuseka, akanatani? Ankadziwa ndithu. Koma kudziwako kunali m'mutu, ndipo kusekako kunalowa pena.

Anatembenuka. Kaputeni anaponda m'bokosi losevera. Magalasi anamva kaphokoso kakang'ono, go, go, ndipo panapita kamphindi asanazindikire kuti inali nsonga ya raketi yake ikukhudza khoma.

Chidendene pansi.

Phazi lake linalowa patsogolo mpira usanachoke paraketi ya Kaputeni. Anaupeza uli m'mwamba, usanakhudze khoma lam'mbali, ndipo sanaumenye mwamphamvu. Anangoukankha, monga anaphunzitsidwira, wokwera, wotsata khoma ngati walimata. Kaputeni, amene anali atathamangira kale pakati, anabwerera mochedwa. Mpira unakagwera pakona yakumbuyo n'kufera pomwepo. Nthawi ino raketi yokanda galasi inali ya Kaputeni.

Ena anawomba m'manja. Wina anakuwa, "Eee, wadzuka!"

Koma mawu owerenga mapointi sanamveke.

Magalasi anadikira. Anthu anasiya kuwomba. Anatembenuka pang'onopang'ono. A Kochi sanali kuyang'ana iye. Ankayang'ana malo aja pakhoma pamene raketi inakhudza, ngati pali munthu waima pamenepo. Kenako anatembenuza mutu n'kuyang'ana mwana wawo. Manzere anali atazolika.

"A Kochi, mapointi," anatero munthu wina kumbuyo.

A Kochi anawatchula. Mawu anali omwewo, koma anatuluka mochedwa.

Tsopano sevisi inali ya Magalasi. Mpira unali m'dzanja lake, popanda womuthamangitsa. Anaumenya. Unakwera kupitirira mzere wam'mwamba. Kunja. Masewera anathera pomwepo.

Kaputeni anabwera atatambasula dzanja.

"Zikomo, aise," anatero chapansipansi. "Ndimangofuna umodzi womwewo."

* * *

Magalasi anapeza Manzere m'kanjira kopita kuzipinda zosinthira, pafupi ndi mpopi wa madzi akumwa. Mtsikanayo anali atapinda manja. Sanali kulira. Zikanakhala bwino akanalira.

"Unachita dala?"

"Kaputeni anadziwa kale. Anaona kansalu ka paraketi. Ndimafuna ndikuuze, koma..."

"Sindikufunsa za Kaputeni. Kaputeni akanalankhula, ndikanakana, ndipo Adadi akanakhulupirira ine. Ndikufunsa iwe. Unachita dala?"

Magalasi anafuna kunena kuti ayi, miyendo inapita yokha. Zinali zoona. Koma anakumbukiranso kuti mpira uja utafera pakona, kamphindi kamodzi, mumtima mwake munakoma. Anavula magalasi.

"Usawapukute," anatero Manzere. "Ndiyankhe."

"Unaseka."

"Ndinatani?"

"Atanena zija. Unaseka nawo."

Manzere anamasula manja ake aja.

"Ndinaseka chifukwa cha ife," anatero. "Ndinadziluma lilime mpaka magazi kuyambira gemu yoyamba, chifukwa cha ife. Inatsala pointi imodzi, iwe. Imodzi. Ukanangoima."

"Ndikapepesa kwa a Kochi."

"Ukapepesa chiyani? Sukuwadziwa. Za iwe angathe kuzimeza. Koma ine ndinawayang'ana m'maso, maliro a Amayi asanazizire, n'kuwauza kuti sindidzauza munthu." Anayang'ana kumbali. "Anditumiza kukatenga chikwama changa. Sanandiyang'ane n'komwe. Akuti Kaputeni andiperekeza kunyumba."

"Ndikuperekeza ine."

"Iwe wandiperekeza kale pokwanira."

Anadutsa pambali pake osamukhudza.

* * *

Magalasi anachedwa dala m'bafa kuti anthu achepe. Atatuluka, dzuwa linali litapendeka, ndipo pamalo oimika magalimoto panatsala ochepa. Imodzi inali ya a Kochi, yakale, yotsukidwa bwino. Iwo anali ataima pambali pake, makiyi ali m'manja.

"Bambo," anaitana. "Tabwerani."

Sanamutchulepo choncho n'kale lonse. Magalasi anayandikira n'kuika chikwama pansi.

"A Kochi, ndimafuna ndi..."

"Dzanja lanu ndi lolemera," anatero a Kochi. "Malemu ankaubweza mofewa kuposa apo. Koma phazi mwalowetsa bwino." Anayang'ana makiyi awo. "Munasuntha mpira usananyamuke."

"Inde."

"Ndiye kuti sanakuphunzitseni kukhudza khoma kokha. Anakuuzani zonse."

Magalasi anazolika. A Kochi anagwedeza mutu.

"Za inu ndi mwana wanga ndinaziganizirapo kale. Mlongo wanga sakonda alendo chotero, woti n'kumachezeredwa Lamlungu lililonse. Ndinati ndidikire, mwina adzandiuza yekha." Anapuma. "Koma ichi sindinachiyembekezere. Ndinakhala ndi mkazi uja zaka zambiri, bambo. Ndinkamufunsa tikudya, ndinkamufunsa tikuyenda. Kuchipatala ndinamufunsanso, mwanthabwala, kuti aseke. Anaseka. Anati ndidzakuuzani tikatuluka muno."

Galimoto ina inadutsa pamsewu. A Kochi anaidikira kuti ipite.

"Mwana wanga anati n'zake yekha. Ndinalemekeza. Lero ndaziona m'miyendo ya mlendo."

"Cholakwa ndi changa, a Kochi. Iye anandipempha kuti ndisatero. Musamusiye chifukwa cha ine. Mayeso ali pafupi, ndipo popanda inu..."

"Ndikudziwa pamene mayeso ali." Anatsegula chitseko cha mbali ya wokwera n'kuchisiya chotsegula. "Ine sindinena chinthu kawiri, ndiye mumvetsere. Mundiuze chimene mkazi wanga ankaona. Mukandiuza, Lolemba m'mawa ndidzakhala m'bwalo ndi mwana wanga monga mwa masiku onse, ndipo inu mudzabwera kunyumba kwanga masana, pakhomo lakumaso. Mukapanda kundiuza, adzipezere womuphunzitsa. Ali naye kale wophunzira, sangasowe mphunzitsi."

Anazungulira galimoto n'kukakhala pachiwongolero. Sanailize.

Magalasi anacheuka. Pakhomo la kalabu panali Manzere, ndipo kumbuyo kwake Kaputeni, atanyamula zikwama ziwiri. Mtsikanayo anali ataona chitseko chotsegulacho. Anali kutali koti sakanamva mawu, koma bambo ake ankawadziwa. Anawerama pafoni, zala zikuthamanga.

M'thumba mwa Magalasi munanjenjemera. Anatulutsa foni.

"Chilichonse chimene akulonjeza, usawauze. Ndi chokhacho chimene Amayi anandisiyira. Ukawauza, ine ndi iwe zathera pomwepo."

Anadzutsa maso. Manzere ankamuyang'ana, foni ili kudzanja lamanzere.

"Bambo," anatero a Kochi m'galimoto muja, osakweza mawu. "Mukulowa, kapena nditseke?"